Mlendo akufuna njati pa ulendo wake woyamba: ayambire pati?

Nachisale (Belvedere): Akuluakulu, mwaswera bwanji pa gulu pano? Ndabwera ndi nkhani ya ku ntchito. Ofesi yathu imakonza maulendo a okaona nyama basi, koma pali mlendo wa ku America amene akufuna kudzasaka njati chaka chamawa, ndipo kuno ku Zimbabwe sanapondeko. Kwawo amasaka agwape a kumeneko. Wapeza munthu pa intaneti amene akumulonjeza njati m'masiku 5 pa mtengo wotsika kwambiri, ndiye akufunsa ngati atumize dipoziti. Inu amene mumadyera m'tchire ndithandizeni: ayambire pati, abwere mwezi uti, atenge mfuti yanji?

Mbewe (PH, ndiye kuti mlenje wa laisensi woperekeza alendo, Marlborough): Achemwali, auzeni asunge kaye ndalamayo m'thumba. Asanakambe za mtengo afunse dzina lenileni la malowo, osati kungomva zoti "ku Zambezi". Muno amasaka pa malo a mitundu itatu. Pali ma Safari Area a ZimParks, bungwe la boma loyang'anira nyama za m'tchire, monga Chewore, Dande, Chirisa ndi Matetsi, pali malo a m'midzi a CAMPFIRE (dongosolo loti anthu a m'midzi azipindula ndi nyama za m'dera lawo) amene ali m'manja mwa makhonsolo, ndiponso malo a eni ake monga Save Valley ndi Bubye Valley. Munthu akanena kuti ali ndi njira yosakira m'kati mwa Hwange, Mana Pools kapena Gonarezhou, mapaki amene kusaka n'koletsedwa, kukambirana kuthere pomwepo.

Akadziwa malowo afunse za kota, chiwerengero cha nyama zololedwa kuphedwa. ZimParks imapereka kota ya nyama chaka ndi chaka pa malo, siyenda ndi munthu ayi. Njati ya pa kota ya famu ina sungakaiwombere pa famu yoyandikana nayo. Mukukumbuka za mkango uja Cecil mu Julayi 2015 kufupi ndi Hwange? Phokoso lonse lija, mbali ina linali loti malo amene unapheredwapo analibe kota ya mkango. Mlendo amatha kulipira zonse ndi mtima woyera koma dzina limene limaipa pa dziko lonse ndi lake.

Kenako PH. Woyendetsa ulendo ayenera kukhala ndi laisensi ya muno mu Zimbabwe ya chaka chimenecho. PH wa ku South Africa atha kuperekeza mlendo wake ngati woonerera, koma sangayendetse. Ambiri otsatsa mitengo yotsika pa intaneti ndi ongogulitsa ulendo wa munthu wina, ndipo simudziwa amene adzakulandireni.

Nabanda (Msasa): Ndiwonjezere pa zimene anena a Mbewe. Pali fomu ya TR2 imene ZimParks imadinda ulendo usanayambe. Pamakhala dzina la mlendo, kampani, PH, malo, masiku ndi nyama zololedwa. Pomaliza amalembapo nyama iliyonse yophedwa kapena yovulazidwa, mlendo n'kusayina. Tsiku loyamba pa kampu apemphe kuiona yodindidwa, ndipo pochoka aijambule pa foni. Popanda TR2 nyanga ndi chikopa sizidzatuluka m'dziko muno, zidzangowolera m'shedi. Inu a Nachisale muli pafupi, likulu la ZimParks lili pa Botanical Gardens, pamphambano ya Sandringham Drive ndi Borrowdale Road. Pitani ndi dzina la kampaniyo ndi la PH mukafunse. Funsaninso ku SOAZ, bungwe la makampani a safari, ndi ku ZPGA, la ma PH.

Nachisale (Belvedere): Zikomo mayi. Nanga za masiku 5 zija?

Phiri (Mufakose): Masiku 5 ndi a njati ya mu mpanda waung'ono, mwana wanga. Ya m'tchire lenileni imafuna 7 pochepetsetsa, ndipo kwa munthu woyamba ine ndinganene 10. Tsiku loyamba limapita ndi kuyesa mfuti ndi kuona kumene kuli madzi. Ena awiri kapena atatu mphepo imakuonongerani. Munthu akatsala ndi tsiku limodzi amawombera njati iliyonse imene yaima, ngakhale yaing'ono, ngakhale yaima molakwika. Zovulala zambiri ndi za tsiku lomaliza.

Banda (Avondale): Pa za ndalama, mtengo umene amaika pa intaneti sukhala wonse. Pali ndalama ya tsiku ndi tsiku, imene imalipira PH, olondola mapazi, galimoto, chakudya ndi pogona. Imeneyo amalipira kaya wapha kaya sanaphe. Pali mtengo wa nyama iliyonse, umene amalipira akapha, komanso akavulaza nyama n'kuthawa. Lamulo lake ndi la magazi: dontho likaoneka pa tsamba, njatiyo ndi yake, yachoka pa kota, ulendo wa njati watha. Pamwamba pake pamabwera msonkho wa zokopa alendo wa 2 peresenti, ndalama ya ranger wa ZimParks kapena scout wa khonsolo woperekeza, ndege yaing'ono kapena galimoto yopita ku kampu, kukonza ndi kupakira zikopa, kuzitumiza kunja, ndi za m'manja za antchito. Akabwera ndi akazi awo, woonerera naye ali ndi mtengo wake wa tsiku.

Afunsenso ngati ndi 1x1 kapena 2x1. Pa 2x1 alenje awiri amagawana PH mmodzi, mtengo umatsika, koma masiku nawo mwagawana, chifukwa wina akamalondola njati yake mnzake amangotsatira m'mbuyo. Zonsezi zilembedwe m'pangano, pamodzi ndi chimene chidzachitike pa dipoziti kota ikapanda kutuluka kapena mlendo akadwala.

Nkhoma (Highfield): Koma akuluakulu, munthu sanaoneko ngakhale nswala, mukumulola ayambire pa njati? Bwanji ayambe ndi ngoma, mbidzi, njiri, azolowere ndodo zowomberapo ndi kumvana ndi PH, njati adzabwerere chaka china? Mtengo wakenso ungachepe kwambiri.

Mbewe (PH, Marlborough): Maganizo anu si oipa achimwene, ndipo kwa munthu amene akudziwa kuti adzabweranso ndi njira yabwino. Koma ambiri amabwera kamodzi pa moyo. Njira yapakati ndi iyi: atenge masiku 10 a njati, pa TR2 awonjezere nswala ndi njiri, mwina mbidzi. Tsiku loyamba kapena lachiwiri awombere nswala ndi mfuti yomweyo ya njati. PH amaonerapo zonse, momwe amaikira mfuti pa ndodo, ngati amatsinzina powombera, ngati amalowetsa chipolopolo china msanga kapena amaima n'kumasirira. Kampu imapezanso ndiwo.

Chimene sindingavomere pa ulendo woyamba ndi kusakaniza njati ndi kambuku. Kambuku amafuna masiku 14, kupha nyambo, kuzipachika, kuziyendera m'mawa uliwonse. Nthawi yoyendera nyambo ndi yomweyo yofunika pa mapazi a njati. Njovu ndi mkango tisakambe n'komwe.

Phiri (Mufakose): Za mwezi. Lamulo sililetsa mwezi uliwonse, koma mvula ndi imene imaletsa, kuyambira Novembala mpaka Malichi misewu ya ku chigwa cha Zambezi sipitika. Epulo ndi Meyi udzu ndi wautali, masamba ali thithithi, madzi ali paliponse, njati zimabalalika. Umazimva fungo ndi kulira kwa timbalame todya nkhupakupa koma osaziona, ndipo ukaziona zili pa mamita 15. Ameneyo si malo a munthu woyamba. Juni ndi Julayi kuyenda kumakoma koma m'mawa pa galimoto yosatseka kumazizira zedi, abwere ndi jekete ndi chipewa. Seputembala kumapeto ndi Okutobala madzi atsala m'zithaphwi zochepa, mapazi savuta kupeza, koma ku chigwa cha Zambezi kutentha kumapyola madigiri 40, munthu wochokera kozizira amagwa tsiku lachitatu. Ine ndimasankha pakati pa Julayi mpaka kumayambiriro kwa Seputembala.

Nkhoma (Highfield): Nanga ku chigwa ndi ku Save Valley kwabwino n'kuti, bambo?

Phiri (Mufakose): Zitengera miyendo yake. Ku Chewore ndi ku Dande kuli mapiri, miyala, mitsinje ya mchenga ndi zitsamba zowirira zija timati jesse. Kulibe mpanda, nyama zina n'zochepa, koma munthu amabwerako atadziwa kuti wasaka. Ku Save ndi ku Bubye dziko ndi lathyathyathya, mitengo ya tsanya, misewu yambiri, nyama zina zambiri, kulibe kashembe. Wamkulu msinkhu kapena wa bondo lovuta apite kumeneko. Matetsi ubwino wake uli pafupi ndi Victoria Falls, akazi ake sangatope.

Mbewe (PH, Marlborough): Tibwere ku mfuti. Malamulo a Parks a 1990 amagawa nyama m'magulu. Njati, njovu ndi mvuu zimafuna chipolopolo chosachepera mamilimita 9.2 kukula kwake ndi mphamvu yosachepera 5.3 kJ potuluka pa mpope. Mkango ndi ntchefu zimafuna mamilimita 7 ndi 4.3 kJ. Kambuku, ng'ona, ngoma, mbidzi ndi zina zotere mamilimita 7 ndi 3 kJ. Choncho .375 H&H ya chipolopolo cha 300 grain imakwana bwinobwino, ndipo ndi imene ndingamuuze mlendo wanuyo. Ya 9.3x62 kukula imakwana, koma zipolopolo zake zambiri za m'sitolo zimathera cha m'ma 4.8 kJ, ndiye afunse PH asanainyamule.

Vuto la alendo oyamba ndi kugula mfuti yaikulu, .458 kapena kuposa, poganiza kuti njati imafuna mzinga. Mfutiyo imamumenya phewa, amayamba kuiopa, ndipo pokoka trigger amatsinzina n'kukankha mpope pansi. Chipolopolo chachikulu m'matumbo sichiposa chaching'ono mumtima. Ngati .416 amaitha, palibe vuto, koma ayese poyera, osati ponena.

Scope, galasi lolunjikira la pa mfuti, ikhale yochepa mphamvu, 1-4 kapena 1.5-5, yokhala kutali ndi diso kuti isamudule chikope, ndipo poyenda izikhala pa nambala yotsika. Njati ikatulukira pa mamita 20 scope ili pa 9, amangoona chakuda chokhachokha osadziwa kuti phewa lili pati.

Banda (Avondale): Ndipo akhoza kubwereka mfuti ya pa kampu, makampani ambiri ali nazo, amalipiritsa pa tsiku ndi pa chipolopolo. Zimachotsa mavuto a pa bwalo la ndege. Kungoti mfuti yachilendo sidziwika msanga.

Mbewe (PH, Marlborough): Zoona, koma akatero aphunzirebe kwawo ndi mfuti yofanana nayo. Kuphunzira kwake kusakhale kwa pa tebulo. Amange ndodo zitatu pamwamba ndi mphira wa chubu, aziwombera ali chiimire. Mbale ya pepala pa mamita 50 ndi 80, kuwombera katatu motsatizana, mfuti osaichotsa pa phewa. Bolt aziikoka mpaka kumapeto mwamphamvu. Katiriji ya .375 ndi yaitali kuposa ya mfuti za agwape, ndiye dzanja lozolowera mfuti yaifupi limabwerera panjira, chikhungwa chakale sichituluka kapena chatsopano sichilowa, munthu n'kukoka trigger pa mfuti yopanda kanthu njati ikubwera. Asawombere zambiri tsiku limodzi, 10 zakwana, zotsalazo achite ndi .22 pa ndodo zomwezo. Miyezi itatu yotere.

Zipolopolo zikhale za mitundu iwiri. Choyamba chikhale soft yolimba, monga Swift A-Frame kapena Barnes TSX, imene imatambasuka m'kati n'kuononga mapapo. Pansi pake ena amaika solid, yolowa mozama pamene njati ikuthawa ndipo mukuiwombera kumbuyo. Solid m'gulu la njati ndi yoopsa, imapyoza n'kukavulaza yaikazi imene yaima kuseri, ndipo imeneyonso mulipira. Mitundu iwiriyo ayese ngati ikugwera malo amodzi pa mamita 50.

Nachisale (Belvedere): Ndikulemba zonsezi. A Phiri, tafotokozani tsiku lake limayenda bwanji, kuti ndimuuze za nsapato ndi kulimbitsa thupi.

Phiri (Mufakose): Kudzuka ndi 4 koloko kapena hafu pasiti. Dzulo lake madzulo anyamata amakhala atakoka nthambi kumbuyo kwa galimoto kusesa msewu ndi m'mbali mwa madzi, kuti chilichonse chopezeka m'mawa chikhale cha usiku womwewo. Kukangoyera timayang'ana ziboda. Gulu lalikulu timalisiya ngati tingathe, muli maso ambiri, ndipo zamphongo zake zambiri zikadali zobereketsa. Timafuna mapazi a akakuli, nkhalamba ziwiri kapena zitatu zoyenda pazokha, ziboda zazikulu zozungulira zakutha m'mphepete.

Ndowe ndi imene imanena nthawi. Wolondola amaiponda ndi nsonga ya nsapato kapena kulowetsamo chala. Ikakhala yonyezimira pamwamba, yobiriwira, yofunda m'kati, njati zili pafupi, mfuti ichoke pa phewa. Ikachita kakhungu kakuda pamwamba koma m'kati ili yofewa, zapita maola angapo. Amaonanso udzu umene zadya, ngati podukapo pakadali ponyowa. M'dzanja amakhala ndi kathumba ka nsalu kodzaza phulusa, amakagwedeza kamodzi, phulusa likauluka kupita kumene kuli njati timabwerera m'mbuyo n'kuzungulira, ngakhale kuzungulirako kutenge ola. Njati imakhululuka phokoso pang'ono, imakhululuka kuona chinthu chosayenda, koma fungo la munthu ayi.

Cha m'ma 10 koloko zimagona pa mthunzi wowirira, zitayang'ana kumene zachokera. Nthawi yomweyonso mphepo imayamba kuzungulirazungulira. Apa woleza mtima amakhala pansi n'kudikira mpaka 3 koloko zidzuke. Makilomita 10 kapena kuposa pa tsiku si zachilendo, ndipo pobwerera ku galimoto ndi pamene miyendo imalira. Nsapato zikhale zakale zozolowera phazi, za pansi pofewa posachita phokoso, ndi zotchinga pa akakolo kuti njere za udzu zisalowe m'masokosi. Mlendo ayende kumbuyo kwa PH, aponde pamene waponda, akaima nayenso aime, osasuzumira cham'mbali.

Mbewe (PH, Marlborough): Posankha, mlendo asamangirire mtima pa mainchesi 40 a kutambalala kwa nyanga amene amawerenga m'magazini. Choyamba kuona ndi chipumi pamene nyanga zimakumana. Yamphongo imalimba pamenepo ikafika zaka 7 kapena 8. Yaing'ono imatha kukhala ndi nyanga zotambalala zokongola koma pachipumi pali pofewa, pali ubweya pakati. Imeneyo ndiye mbewu ya mawa, ndipo powiritsa chigaza chofewacho chimasungunuka, mlendo amalandira nyanga za mpata pakati. Nkhalamba ya nyanga zakutha nsonga ndi imene tikufuna. PH akati "ayi", ndi ayi.

Powombera, njati itaima cham'mbali, akweze ndi mwendo wakutsogolo mpaka gawo limodzi mwa magawo atatu a thupi kuchokera pansi. Pamenepo pali pamwamba pa mtima ndi mapapo onse awiri. Ozolowera agwape amaika kumbuyo kwa phewa poteteza nyama, koma pa njati kumbuyo kwa phewa kwayamba kale chifu. Ikayang'ana mopendekera kwa iye, alunjike pa nsonga ya phewa lapafupi. Ya mutu ndi khosi asayese. Aonetsetsenso kuti palibe kanthambi pakati, chifukwa kanthambi konga chala kamapatutsa ngakhale .375. Akawombera alowetse china nthawi yomweyo ndipo awomberenso ngati njati yomweyo ikuoneka bwino, osati ina. Akambiranetu ndi PH usiku woyamba ngati PH aziwombera naye pamene waona kuti chalowa molakwika.

Phiri (Mufakose): Ikathawa, musathamangire. Khalani pansi, imwani madzi, mphindi 30 zipite, kuona maso a nkhono n'kudekha. Yomenyedwa bwino sipita patali, ndipo kawirikawiri mumamva kubuula kwake komaliza. Magazi ofiira mowala a thovu ndi a m'mapapo, nkhani yabwino. Akuda osakanikirana ndi zobiriwira ndi a m'mimba, pamenepo tsiku latalika. Yovulala imakhota n'kuima pambali pa njira yake yomwe, kudikira amene akuitsata. Olondola amayang'ana pansi, a mfuti amayang'ana kutsogolo ndi m'mbali, ndipo mlendo asaloze mpope pamsana pa wolondola, chala chikhale kunja. Mukaipeza itagona, fikani chakumbuyo, osati kumaso, ndipo ilandire china pakati pa mapewa musanaigwire.

Nangondo (namwino, Eastlea): Ndilowerere ndi za thanzi abambo asanamalize zipolopolo. Ku chigwa cha Zambezi ndi ku Lowveld, kumene kuli Save ndi Bubye, kuli malungo. Aonane ndi dokotala kwawo. Atovaquone-proguanil amayamba tsiku limodzi kapena awiri asanafike ndipo amapitiriza masiku 7 atachoka. Doxycycline amapitiriza milungu 4 atachoka, ndipo amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Akatentha thupi atabwerera, auze dokotala kumene anali, chifukwa madokotala a kumeneko malungo sawaganizira msanga. Kashembe amakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, ndipo amaluma kupyoza malaya opyapyala. Matenda a kaodzera ndi osowa koma alipo, chilonda chotupa pamene walumidwa pamodzi ndi kutentha thupi si chodikira. Zovala azipopere permethrin chifukwa cha tinkhupakupa ting'onoting'ono ta mu udzu.

Chimene chimagwetsa ambiri si njoka ayi, ndi kuchepa kwa madzi m'thupi ndi matuza a kuphazi. Atenge timapaketi ta mchere ndi shuga tosungunula m'madzi, ndi pulasitala. Akhale ndi inshuwalansi yomutenga pa ndege. Muno muli a MARS ndi ena, koma mabwalo a m'tchire alibe magetsi, ngozi ya madzulo imadikira kucha. Afunse ngati kampu ili ndi foni ya satellite.

Mwale (Dzivarasekwa): Za mayendedwe. Wopita ku Dande pa galimoto amadzera Mvurwi, Guruve, kutsika phiri pa Mahuwe, kenako Mushumbi Pools. Wopita mbali ya Chirundu amadzera Chinhoyi, Karoi, Makuti mpaka ofesi ya Parks pa Marongora. Konseko werengerani tsiku lathunthu, ndipo usiku musayende, malole ndi ng'ombe. Ndege zazing'ono zambiri zimanyamukira pa Charles Prince ku Mount Hampden, zimafuna zikwama zofewa ndipo zimayeza kulemera. Wopita ku Matetsi asavutike ndi Harare, atsikire ku Victoria Falls. A Nachisale mukapitako ku Kanyemba simudzasowa wolankhula naye, Chikunda timamvana nacho.

Chinthu chimodzi muwauze lero lomwe: zovala za mawangamawanga ngati za asilikali n'zoletsedwa kwa anthu wamba muno. Alenje a ku America amazikonda kwambiri, mpaka chipewa ndi chikwama. Abwere ndi zobiriwira moderapo kapena zakhaki wakuda. Malaya atatu akwana, pa kampu amachapa tsiku lililonse.

Che Mbwana (Mbare): Mwakamba za kupha, za mpeni palibe wanena. Chikopa chimaonongeka maola oyamba. Njati ikagwa masana kotentha, zithunzi zikhale zachangu, kenako mthunzi ndi mpeni. Mlendo anene asanasende ngati akufuna chigaza chokha kapena mutu ndi mapewa, chifukwa kadulidwe kake n'kosiyana. Ya mapewa timadula kuzungulira kumbuyo kwenikweni kwa miyendo yakutsogolo, kusiya chikopa chochuluka, chochepa sichiwonjezereka.

Ntchito yeniyeni ili kumaso. Makutu timawatembenuza ngati sokosi mpaka kunsonga, milomo timaing'amba m'kati n'kuitambasula, mphuno ndi zikope chimodzimodzi, kuti mchere ufike paliponse. Pamene mchere sunafike ubweya umasosoka, ndipo wokonza kunja sangabwezeretse. Chikopa cha njati pakhosi n'chokhuthala kwambiri, timachipala kuti chipyapyale, apo ayi mchere umangouma pamwamba m'kati mukuwola. Mchere ukhale wosalala, wambiri, wosagwirapo kale ntchito. Kuumitsa ndi pa mthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa, osati pa simenti kapena pa malata. Chigaza osachiwiritsa mopitirira, mafupa a mphuno amagwa ndipo nyanga zimang'aluka. Chilichonse chikhale ndi chikwangwani cha dzina la mlendo, chikopa chake, chigaza chake. Mlendo wanzeru amapita ku shedi madzulo kukaona, ndipo pogawa za m'manja asaiwale kuti kuseri kwa kampu kulinso anthu.

Nabanda (Msasa): Zikachoka kwa Che Mbwana zimabwera kwa ife okonza zotumiza. Timaziviika m'mankhwala, kuziumitsa, kupakira m'bokosi, kutenga chikalata cha a zaumoyo wa ziweto ndi chilolezo chotulutsira kunja. Asayembekeze milungu, ndi miyezi. Ubwino wa njati siili pa CITES, pangano la maiko loteteza nyama zimene zingathe kutha, ndiye mapepala ake ndi opepuka. Kambuku ali pa Appendix I, gulu lokhwima kwambiri la CITES, amafuna chilolezo cholowetsera cha dziko la mlendo choyamba. Njovu za muno zili pa Appendix II kuyambira 1997, koma America imaunika pempho lililonse palokha, ndipo mkango nawo unalowa pa malamulo awo okhwima mu 2016. Australia ndi France analetsa zikumbutso za mkango mu 2015. Akawonjezera mvuu kapena ng'ona adziwe kuti zili pa Appendix II. Apezeretu wolandira katundu kwawo asanabwere, ndipo afunse mtengo wotumizira, ambiri amadzidzimuka nawo kuposa wa njatiyo.

Nkhoma (Highfield): Funso la kumudzi tsopano. Njati ya makilogalamu 700, nyama yake imapita kuti? Ndipo za CAMPFIRE zija, anthu amene njovu zimawadyera mapira amaionadi ndalamayo, kapena imathera m'maofesi?

Banda (Avondale): Mlendo amadya mchira ndi nyama ya msana pa kampu, koma sangatenge ngakhale chidutswa kupita nacho kwawo. Inunso musaganize zodzaza cooler box kubwera nayo ku Mbare, njati zimasunga kachilombo ka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe, ndiye nyama yake siyenda popanda chilolezo cha a zaumoyo wa ziweto. M'malo a CAMPFIRE imaperekedwa kwa anthu a m'dera limene yaphedwera.

Za ndalama, CAMPFIRE inayamba mu 1989, maboma oyamba anali Nyaminyami ndi Guruve. Malangizo ake amati anthu a m'deralo alandire 55 peresenti pochepetsetsa. Ku Masoka, m'boma la Mbire, sukulu ndi chipatala zinamangidwa ndi ndalama za ulenje. Kwina anthu akhala akudandaula kuti imachedwa kapena imafika yoperewera, ndipo amene mbewu zake zadyedwa salipidwa payekha. Choncho funso lanulo mlendo alifunse kwa kampani: mumalipira ku akaunti ya wadi mwachindunji kapena kudzera ku khonsolo, ndipo muli ndi anthu angati ochotsa misampha ya waya? Kampani yochita bwino imayankha mosazengereza.

Nkhoma (Highfield): Yankho lake ndalimva, ngakhale 55 ya pa pepala ndi ya m'manja zimasiyana. Tidzakambe tsiku lina.

Nachisale (Belvedere): Chatsala ndi pa bwalo la ndege, ngati abwera ndi mfuti yake.

Mbewe (PH, Marlborough): Auze kampani ya ndege pogula tikiti, si zonse zimanyamula mfuti. Mfuti ikhale m'bokosi lolimba lokhoma, yopanda chipolopolo. Zipolopolo zisapyole makilogalamu 5, zikhale m'mabokosi ake, ndipo zikhale za mfuti yomweyo basi. 40 kapena 60 zakwana. Kwawo atenge fomu ya kasitomu ya 4457 yosonyeza kuti mfutiyo ndi yake, idzamuthandizanso pobwerera. Mfuti zodzilowetsa zokha chipolopolo asabwere nazo. Akafika pa Robert Gabriel Mugabe International amalemba chilolezo chongoyembekezera cholowetsera mfuti, amaona nambala ya mfuti ndi kuwerenga zipolopolo, ndiye akhale ndi kalata yomuitana ya kampani yosonyeza malo ndi masiku. Akadzera ku Johannesburg n'kugona kumeneko, kapena matikiti ake akakhala osalumikizana moti atenge katundu, afunika chilolezo cha apolisi a ku South Africa, fomu ya SAPS 520, ndipo ndi bwino kuikonzeratu. Asiye maola okwanira pakati pa ndege, bokosi la mfuti ndi limene limatsalira kawirikawiri.

Nabanda (Msasa): Ndipo chilolezo cha pa bwalocho asachitaye m'thumba la malaya opita kochapa, adzachifuna pa zipata za apolisi ndi potuluka. Mfuti imene yalowa iyenera kutuluka ndi nambala yomweyo, sangaisiyire PH kapena wolondola ngati mphatso ngakhale atakondwa chotani. Za m'manja abweretse madola a America osang'ambika, ena ang'onoang'ono, chifukwa ku Mushumbi sakapeza wosintha 100.